ZA USIKU WOTSIRIZA, MAWA LACE MAYESO A CINGEREZI

Ndiri ndi mlandu ndi mwambo wina umene wamera pakati pathu ife okhala ku Mbayani kuno, ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri komwe, ndipo ndafuna kuunena poyera m'kalata muno, ngakhale ndidziwa kuti ena adzandida nao. Mwambo wace ndi uwu. Tsiku lakuti mawa lace ana a Fomu 4 alemba mayeso a Cingerezi, mwana sagona. Likalowa dzuwa atenga mabuku ace onse a zaka zinai, nawaunjika pamphasa, nayatsa kandulo ngati magetsi azima, nathira madzi ozizira m'beseni, nabviikamo mapazi ace kuti tulo tingamgwire. Ndipo akhala comweco kufikira tambala woyamba. Atate wace ndi mace agona ndi mtima wokondwa, nauzana kuti, Mwana wathu ngwakhama. Koma ine ndinena kuti mwanayo alikudzibera yekha, ndipo akuru amene amtama alikumgwirira thumba.

Sindinena za kandimverere ai. Ndinagwira coko zaka zambiri, ndipo kangapo ndinaikidwa kuyang'anira mayeso pa sukulu za eni, kumene nchito yanga inali kuyenda pakati pa madesiki wosalankhula kanthu. Munthu woyenda comweco maora awiri aona zambiri. Ana ocezera usiku ndinkawazindikira pakhomo pomwe asanakhale pansi: maso ofiira ngati acokera kuutsi, milomo youma, ndi buku m'manja limene alikulitsegula ndi kulitseka osaonamo kanthu. Mmodzi sindimuiwala, mnyamata wa malaya oyera ositidwa bwino, amene anayamba cimangirizo cace ndi dzanja lokongola ndithu. Mizere isanu yoyamba inali yoongoka. Pambuyo pace malemba anayamba kutsetsereka ngati njira ya bongololo, ndipo mutu unagwa padesiki. Ndinagogoda desikilo, nadzidzimuka, nalemba mau atatu, nagwanso. Pamene ndinati, Lekani kulemba, iye anali asanafike theka la nchito. Poturuka analira, nauza anzace kuti, Komatu ine ndinawerenga usiku wonse. Mau amenewo anawanena monga munthu wonena cilungamo cace, wosadziwa kuti alikuchula cimene camgwetsa.

Koma ndisanawadzudzule anawa, ndiyambe ndabvomera kuti mantha ao sali acabe. Bungwe la mayeso la MANEB, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1987 ndipo likhala ku Zomba, lipatsa setifiketi ya MSCE kwa iye wakukhoza maphunziro 6, limodzi mwa iwo likhale Cingerezi. Ziwerengero zace ziyambira pa 1 kufikira pa 9: wakutenga 1 kapena 2 wapambana koposa, 3 kufikira 6 ndiyo kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungopulumuka, ndipo 9 ndiko kugwa. Tsono mwana angathe kutenga 1 pa Masamu, 2 pa Zaulimi, 2 pa Cicewa, koma akatenga 9 pa Cingerezi setifiketi palibe. Ndipo wofuna kulowa ku yunivesite ya boma afunika makirediti 6, Cingerezi ciri momwemo. Palibe phunziro lina lakukhala ndi mphamvu yotere. Ciri ngati mlatho umodzi pa mtsinje wodzala, umene ali yense ayenera kuolokerapo ndi katundu wace yense, ngakhale katunduyo akhale wokoma bwanji.

Ndipo mphamvu imeneyi siinayamba dzulo. Ciyambire kumangidwa kwa Mishoni ya Blantyre m'caka ca 1876, munthu wodziwa Cingerezi ndiye ankakhala kalaliki kwa Mandala kapena pa Boma, anzace ali kumunda kwa mzungu ndi thangata. Henry Henderson Institute, imene ife a ku Mbayani tifikako ndi mapazi, inatsegulidwa m'caka ca 1909, ndipo agogo athu ankaona ana oturuka kumeneko atabvala nsapato. M'caka ca 1968 Cicewa cinakwezedwa kukhala cinenero ca pfuko, koma Cingerezi sicinacoke pampando wace; pa cisankho ca aphungu ca 1978 ofuna kupikisana anayenera kupambana mayeso a Cingerezi, ndipo malamulo akuru a dziko a 1994 anenanso kuti phungu akhale wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Cingerezi. Kodi mwana wa zaka 17 asaope bwanji cinthu cimene cinaopsa ngakhale amuna a imvi ofuna ku Nyumba ya Malamulo?

Ine mtima wanga sukondwa nalo lamulo limeneli, ndisabise. David Clement Scott, yemwe uja anamanga chalichi ca St Michael and All Angels, anasindikiza buku lace lalikuru la mau a Cimang'anja m'caka ca 1892, pakuti anaona kuti cinenero cathu ncozama. Samuel Ntara analemba Nthondo m'Cinyanja, nalandira nayo mfupo wa kunja, ndipo Angerezi ndiwo anacita kumasulira kuti amve. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Kuti mwana wodziwa masamu ndi ulimi abwezedwe cimanjamanja cifukwa ca cinenero ca eni, ndiwo mlandu woyenera kuzengedwa tsiku lina ndi akuru a maphunziro. Koma mwana wakulemba mawa sangathe kusintha lamulo usiku uno. Cimene angathe ndico kufika pa mlathowo ali ndi mphamvu m'miyendo. Cifukwa cace ndibwerera ku beseni lija.

Tandiuzani, ndani wa inu anaphunzira Cicewa usiku umodzi? Munacimva pamsana pa amai anu, munacilakwa, anakusekani, munacibwereza, ndipo cinalowa pang'ono pang'ono kufikira munayamba kulota naco. Cinenero ciri conse cilowa comweco. Sicilowa m'mutu monga cimanga cilowa m'thumba, kuti wothira msanga adzaza msanga. Zaka za nkhondo ndi maina a mitsinje, inde, munthu angathe kuziloweza madzulo nazisanza mamawa, zingakhale sizikhalitsa. Koma taonani cimene mayeso a Cingerezi afunsa. Apatsa mwana nkhani imene sanaionepo cibadwire, nati aiwerenge, aimvetse, ayankhe ndi mau ace. Ampatsa ina, nati aifupikitse, asankhe mfundo nasiye mankhusu. Ampatsa mutu, nati amange cimangirizo ca ndime zotsatana bwino. Pa galamala amuikira mayankho anai ofanana ngati ana a nkhuku imodzi, nati asankhe loona. Nciti mwa izi cimene ciri m'mabuku aja waunjika pamphasa? Zonsezi zifuna mutu woyera ndi diso lakuthwa. Diso lotopa lidumpha kamau kakang'ono kokana, ndipo mwana ayankha mosemphana ndi funso, ali wokondwa kuti wakhoza.

Ngakhale mabuku a nthano ndi masewero, amene ena ayesa kuti angathe kuwameza usiku womwewo, sacitika comweco. Ana a zaka zapitazo anawerenga Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza, ndipo a pambuyo pao Macbeth ya Shakespeare ndi The Pearl ya John Steinbeck. Amene anawerenga bukulo kawiri m'caka adziwa anthu ace monga adziwa anansi ace, ndipo funso likadza mokhota iye akhota nalo. Amene anakomana nalo koyamba pa 11 koloko usiku, m'timapepala tofupikitsa togula pamseu, asokoneza wakupha ndi wophedwa.

Ndipo izi sizili nzeru za mphunzitsi wokalamba yekha. Munthu wa ku Germany dzina lace Hermann Ebbinghaus anadziyesa yekha zaka zambiri ndi timau topanda tanthauzo, nasindikiza zimene anapeza m'caka ca 1885. Anaona kuti cimene munthu waphunzira kamodzi cithawa msanga ndithu m'maora oyamba, ndi kuti kubwereza kogawa pa masiku angapo kuposa kubwereza kounjika pa tsiku limodzi. M'caka ca 1924 anthu awiri a ku America, Jenkins ndi Dallenbach, anaphunzitsa ophunzira awiri timau totere, nthawi zina nawalola kugona pambuyo pace, nthawi zina nawasiya maso. Ndipo anapeza kuti atagona anakumbukira zambiri koposa atakhala maso. Anzeru a masiku ano atsimikiza comweco, kuti m'tulo ndimo ubongo usanja ndi kusunga zimene zalowa usana. Tsono wokana tulo afanana ndi mkazi wakusinja tsiku lonse, nasiya ufa wace pabwalo usiku wa mvula.

Cina ndico cimene ndifuna amai ndi atate acimvetse bwino. M'caka ca 1997 ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid anayerekeza anthu osagona ndi anthu akumwa mowa, nawapatsa nchito imodzi ya maso ndi manja. Anapeza kuti wakukhala maso maora 17 acedwa monga munthu wakumwa pang'ono, ndipo wakufika maora 24 alingana ndi woledzera amene malamulo a maiko ambiri amletsa kuyendetsa galimoto. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Mwana wanu anadzuka 5 koloko mamawa dzulo, sanagona usana, wacezera usiku. Pofika 5 koloko lero akwana maora 24, ndipo akakhala padesiki pa 8 koloko afika 27. Kodi alipo mai ku Mbayani kuno amene angamwetse mwana wace kacasu mamawa wa mayeso, namuuza kuti, Pita ukakhoze? Ali yense adzati, Iai, msatero. Koma pomthirira madzi m'beseni mwacita cofanana naco, kusiyana kwace nkwakuti simunalipira.

Pali zinanso zoipa zoyenda ndi usiku umenewu. Ena amwa khofi wowawa kapena zakumwa za m'zitini zija azicha zopatsa mphamvu. Mankhwala ali m'menemo sapatsa mphamvu iri yonse, angobisa kutopa. Ndipo acedwa kuturuka m'mwazi, pakuti patapita maora monga 5 theka lace likali momwemo. Wakumwa pa 10 koloko, akati agoneko pang'ono pa 3 koloko, apeza mtima ulikugunda ndi tulo tathawa. Tidzampeza m'cipinda ca mayeso. Ndiponso mayeso awa kawirikawiri agwa m'miyezi ya June ndi July, pamene ciperoni citsika pa Blantyre ndi kuzizira kulowa m'mapfupa. Mwana wa mapazi m'madzi ozizira nyengo yotere aitana cimfine. Wina, pothawa cisanu, alowetsa mbaula m'kacipinda natseka citseko ndi zenera. Koma makala oyaka aturutsa mpweya wopanda pfungo umene upweteka mutu, ulefula thupi, ndipo wapha anthu ali m'tulo. Za kandulo wosiyidwa pafupi ndi neti ya udzudzu, m'nyumba zathu zogundana madenga zino, sindifuna kunena zambiri. Tonse taonapo phulusa lace.

Tsopano ndifike kwa anthu amene ndiwada koposa pa nkhani iyi, ndiwo ogulitsa likasa. Usiku wotsiriza ndiwo msika wao. Foni ilira, mau afika pa WhatsApp akuti pepala la mawa laturuka, tumizani ndalama zakuti. Ndipo ana asonkhana m'nyumba imodzi, nasonkha ndalama za mandasi a amai ao, nacezera kuloweza mayankho a mafunso amene wonyengayo watola m'mapepala a zaka zakale. Mamawa atsegula pepala loona napeza palibe ngakhale limodzi. Ataya ndalama, ataya tulo, ataya ndi mtima womwe. Wina adzati, Nanga likakhala loona? Likakhala loona ndiye tsoka liposa. Kumbukirani caka ca 2020. Mapepala a MSCE anabedwa nafalikira pa mafoni, ndipo m'mwezi wa November boma linathetsa mayeso onse ali pakati. Ana oposa 100,000, akuba ndi osalakwa pamodzi, anabwerera kwao, nayenera kulembanso m'mwezi wa January 2021, asilikari alikulondera mapepala; ndipo pamene zotsatira zinaturuka, okhoza sanafika theka. Citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina. Ndipo mwana wogwidwa ndi kapepala m'sokosi alandidwa mayeso ace, kapena atengedwa ndi apolisi pamaso pa anzace. Ndani mwa ogulitsa aja anapita kukamuona kupolisi?

Sindidzawasiya anzanga aphunzitsi. Alipo ena, makamaka a sukulu za madzulo zolipira, amene tsiku lotsiriza aitana ana nawagawira zimangirizo zolembalemba kale, nati, Lowezani izi, cimodzi cidzabwera. Anzanga, mudziwa inu nomwe kuti mulikunama. Wochonga mayeso sali mwana. Akawerenga mapepala makumi asanu oyamba ndi dzuwa lomwelo loturuka kuseri kwa phiri lomwelo, ndi mbalame zomwezo zoimba, adziwa kuti walemba si mwanayo. Ndipo coipa coposa ncakuti mwana wakuloweza safunanso kuwerenga funso. Afunsidwa kulemba kalata kwa mkuru wa mzinda za zinyalala za pamsika, iye alemba za ukwati wa mlongo wace, pakuti ndico anasenza kucokera kunyumba ndipo sangathe kubwerera naco. Mizere yosabvuta, yaifupi, yoona, yonena za msika wa Mbayani umene mwanayo audziwa ndi mphuno zace, iposa mau atali obwereka amene sadziwa kutsogolo ndi kumbuyo kwace. Mukadamuuza cimeneci m'Fomu 1, si bwenzi alikunjenjemera lero.

Ndidziwa cimene ena adzandiyankha, ndipo sindiciyesa copepuka. Adzati, Aphunzitsi, inu mulankhula ngati munthu wa ku Namiwawa kapena ku Sunnyside. Mwana wa kuno caka conse agulitsa pamsika poweruka, atunga madzi, alera ang'ono ace. M'kalasi akhala anthu osawerengeka, buku limodzi ana khumi. Cingerezi acimva kwa mphunzitsi yekha, ndipo mphunzitsiyo acisakaniza ndi Cicewa kuti amveke. Usiku wotsiriza ndiwo wokha umene onse amleka kuti awerenge. Kodi mufuna kumlanda ndi umenewo? Ndibvomera zonsezi, pakuti ndikhala pakati pao. Ciyambire maphunziro aulere a pulaimale m'caka ca 1994 makalasi athu anasefukira, ndipo mabuku sanakwanepo. Koma yankho limeneli likutsutsani inu nomwe olinena. Ngati munakhoza kumleka usiku uno, munalephera bwanji kumleka theka la ora tsiku liri lonse ciyambire January? Theka la ora pa masiku 150 ndiwo maora 75. Usiku wanu wa beseni sukwana maora 10, ndipo theka lace awerenga ali m'tulo. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Mwana wosauka ndiye wosayenera konse kutaya kanthu kakang'ono kamene ali nako. Wa ku Namiwawa akagwa, atate wace amlipirira caka cina osamva kuwawa, koma wa kuno akagwa kawirikawiri ndiko kutha kwa sukulu. Pamenepo kamene wasonkhanitsa m'zaka zinai, kangakhale kocepa, akafike nako kamphumphu.

Ndipo si ana a Fomu 4 okha. Masiku ano alipo akuru akuru, anamwino ndi ena ofuna nchito kapena maphunziro ku maiko a kunja, amene alemba mayeso ochedwa IELTS, amene anayamba m'caka ca 1989. Awa ayesa zinthu zinai, kumva, kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, ndipo ziwerengero zace zikwera kufikira 9, wa 9 ndiye katswiri, mosiyana ndi za kwathu. Bungwe loyang'anira anamwino ku Britain lifuna 7 pa kumva, kuwerenga ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Mtengo wa mayesowa ngwaukuru, kotero kuti ena acita kukongola. Ndaona anamwino otere, anthu amene adziwa bwino koposa ine cimene kusagona kucita m'thupi, alikucezera usiku ngati ana. Komatu pa mayeso a kumva mau aomba kamodzi kokha, mafunso ali 40, ndipo wakuphethira ndi tulo mphindi imodzi adzidzimuka mafunso atatu atampita. Sangathe kukweza dzanja kuti, Bwerezani. Pa kuwerenga apatsidwa mphindi 60 ndi mafunso 40. Pa kulemba mphindi 60 za nchito ziwiri, ina ya mau 150 ndi ina ya mau 250. Ndipo pa kulankhula akhala maso ndi maso ndi woyesa mphindi 11 kufikira 14, kumene lilime lolemera ndi tulo silibisika. Ndiponso wakuiwala pasipoti imene analembetsa nayo abwezedwa pakhomo, angakhale adziwa Cingerezi coposa ca Mfumu ya ku London. Bwenzi madzulo aja atayang'ana m'cikwama, m'malo mwa kuloweza mau atali.

Nanga tsiku lotsirizalo acite ciani? Sindinena kuti apinde manja. Mamawa, mutu ukali wopepuka, atenge pepala limodzi la caka cakale, aike koloko patsogolo, alembe monga adzalemba mawa, kuti thupi lizolowere kugawa nthawi. Pakuti ambiri agwa osati posadziwa, koma pokhalitsa pa funso loyamba ngati mlendo wosadziwa kutsazika. Atatha ayang'ane m'makope ace momwe mphunzitsi anadula ndi inki yofiira, aone zolakwa zace za masiku onse, zija abwereza caka ndi caka. Zimenezo nzace, ndipo ziposa buku liri lonse logula. Akumbukire kaimidwe ka kalata, ka lipoti ndi ka malankhulidwe, pakuti izi nzocepa ndipo zikhoza kugwidwa tsiku limodzi. Cinthu catsopano asaciyambe. Mnzace akadza ndi mbiri yakuti pali mutu wina umene sanaphunzire, amuuze kuti apite bwino. Likapendeka dzuwa atseke mabuku, ayende pang'ono, akaone mpira pabwalo ngati afuna, aceze ndi agogo ace. Asanadye nsima ya madzulo aike pamodzi citupa cace ca mayeso, zolembera ziwiri zoyesedwa kale, pensulo ndi rula, ndi yunifolomu yocapa. Ndipo ngati alembera pa sukulu ya eni, monga acita ambiri, akhale atapondako kale ndi mapazi ace kuti adziwe kutalika kwa njira. Adye cakudya cimene mimba yace icidziwa. Si tsiku la kumkondweretsa ndi zokazinga za pamseu.

Kunena zoona, zonsezi nzopepuka kwa mwana. Cobvuta ndi ife akuru. Kugona ku Mbayani si nkhani yamasewera. Nyumba zathu zimva za mnzace; kuseri kuli bawa, kutsogolo kuli kanema wa mpira, ndipo wailesi ya mnansi siidziwa kuti kunja kwada. Anzeru a zaumoyo anena kuti wacinyamata wa zaka zimenezi afuna maora 8 kufikira 10 a tulo, ndipo sadzawapeza ngati ife sitimpezera. Tsiku la maliro tidziwa kutseka mawailesi mudzi wonse osauzidwa, ndipo mwini bawa acepetsa cimkuza-mau cace mwaulemu. Kodi sitingathe kucitira amoyo masiku ocepa cimene ticitira akufa? Mafumu athu a m'makwalala, amene adziwa kulengeza za maliro ndi za katemera, alengezenso kuti sabata ino ana alemba, nyimbo zileke pa 9 koloko. Inu atate, usiku umenewo bwerani msanga, ndipo milandu ya ndalama za lendi muisunge kufikira Loweruka. Musamuuze mwana kuti, Ukagwa usabwere pano. Mau amenewo sanakhozetsepo munthu, angomuonjezera mwala pamtima, nagona alikutembenuka.

Ndipo za ana akazi ndinene padera, pakuti apa ndipo tilakwa koposa. Mnyamata wa mayeso timleka agone, koma mlongo wace wa mayeso omwewo timdzutsa 4 koloko kukaima pamzere wa madzi, atsuke mbale, akoleze moto, asambitse mng'ono wace, ndipo atatha zonsezo athamange kukalemba za Macbeth manja akali kununkha utsi. Pambuyo pace tinena kuti ana akazi Cingerezi ciwabvuta. Masiku amenewo cidebe asenze wina; mcimwene wace wakungokhala pa bawo sadzathyoka khosi, ndipo atate amene atunga madzi mamawa umodzi cifukwa ca mwana wao sacepa ufumu.

Tsono beseni lija, amai, usiku uno mulibweze kuseri kwa citseko, ndi kandulo mumzime ndi dzanja lanu pa 9 koloko, angakhale mwanayo adandaule. Foni yace igone kucipinda kwanu. Inu ndinu mudzamdzutsa, kuti asagone ndi khutu limodzi poopa kucedwa. Mamawa muthire madzi ofunda m'beseni lomwelo asambe, mumpatse phala kapena mbatata ndi tiyi, mumbveke juzi pakuti zipinda za mayeso zizizira, ndipo muone ndi maso anu kuti citupa ciri m'thumba. Anyamuke nthawi ikalipo, pakuti mamawa minibasi zocokera ku Chileka zifika pa Mbayani zitadzala kale, ndipo wodikira pasiteji angathe kuona zisanu zikumpita.